Ndiyambe ndi Masters ya zaumulungu kapena ndilowe kaye ubusa?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Dedza:

"Abusa, ndimaphunzitsa Bible Knowledge pa sekondale ina kuno, komanso ndine mkulu wa mpingo mu CCAP. Ndili ndi digiri yoyamba ya Theology and Religious Studies. Patha zaka zitatu mtima wanga ukundikoka ku ubusa ndipo sindikupeza mtendere. Chaka chino yunivesite ina yandipatsa malo kuti ndichite Masters. Maganizo anga ndi akuti ndikamaliza, sinodi idzandilandira msanga n'kundidzoza. Koma akulu anzanga ena akuti maphunziro ozama a zaumulungu amazimitsa moto wa Mzimu, mpaka akunditchulira anthu amene anapita kusukulu akupemphera n'kubwerako atazizira. Mayi akunyumba nawonso ali ndi nkhawa poti tili ndi ana atatu ndipo fizi tidzalipira tokha. Ndichite chiyani?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale m'malo. Pa zaka zoposa 20 zimene ndakhala ndikuweta mpingo ndi kuphunzitsa ophunzira zaumulungu, anthu amene ndawaona akutumikira bwino ambiri anayamba monga inu, ndi kusowa tulo komanso mafunso ochuluka. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja wobwera atatsimikiza zonse yekha, osafunsa mkazi wake, osafunsa mpingo. Inu mwafunsa, ndiye tiyeni tikambirane.

Pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chofunika kuchikonza tisanapite patali. Yunivesite siidzoza munthu. Imapereka digiri basi. Kudzoza kuli m'manja mwa mpingo, ndipo mpingo uli ndi njira yakeyake imene siifupika chifukwa choti munthu wabwera ndi mapepala ambiri. Mu CCAP nkhani ya maitanidwe imayambira pa mpingo umene mumapemphera, kwa abusa anu ndi bwalo la akulu ampingo, kenako imakwera ku presbiteri mpaka ku sinodi. Iwo amakufunsani mafunso, amafufuza mbiri yanu ndi ya banja lanu, ndipo akakhutira amakutumizani ku sukulu imene iwo amaidalira. Kwa inu a sinodi ya Nkhoma, mayina amene mudzawamve ndi Josophat Mwale Theological Institute ku Nkhoma komweko ndi sukulu ya ubusa ya ku Zomba imene inatsegulidwa mu 1977. Mukamaliza pamakhalanso nthawi yoyesedwa pa mpingo musanadzozedwe. Abale athu a Katolika ndi chimodzimodzi. Mnyamata wofuna unsembe wa dayosizi amadutsa ku seminale za Kachebere ku Mchinji ndi St Peter's ku Zomba, ndipo ngakhale atabwera ndi digiri ya kunja, amene amavomereza kuti alandire unsembe ndi episkopi.

Ena amaona ngati mipingo imangoumitsa zinthu, koma chifukwa chake n'chomveka. Ku sukulu ya ubusa amasula munthu yense. Amakuonani mmene mumadzukira ku mapemphero a m'mawa, mmene mumakhalira ndi anzanu, mmene mumagwirira ndalama za gulu. Mumaphunzira kubatiza, kugawa mgonero, kudalitsa ukwati, kuyendetsa mwambo wa maliro pamene abale a malemu akukangana kuseri kwa siwa. Mumaphunzira Zolamulira, buku la malamulo a sinodi, ndi kaweruzidwe ka milandu ya mpingo. Zonsezi mu Masters mulibe.

Ndinali ndi wophunzira wina, munthu wanzeru ndi wakhama, amene anagulitsa ng'ombe za makolo ake kuti achite Masters, osauza mpingo wake chilichonse. Atamaliza anapita ndi satifiketi yake kwa akuluakulu, iwo n'kumuyankha mwaulemu kuti alembe kalata yofunsira ubusa ngati wina aliyense ndipo akayambire pamodzi ndi anzake. Zinamupweteka kwambiri, mpaka kwa kanthawi anasiya kupita ku tchalitchi. Akuluakuluwo sanalakwe. Paja safunsa anadya phula. Akanangocheza ndi abusa ake asanalipire fizi, akanadziwa kuti zitseko ndi ziwiri ndipo kiyi wa chimodzi satsegula chinzake.

Nanga Masters imapatsa chiyani? Imakuphunzitsani kufufuza. Pa digiri yoyamba munalawa pang'onopang'ono zonse: Chipangano Chakale, Chipangano Chatsopano, mbiri ya mpingo, ziphunzitso, zipembedzo za makolo, Chisilamu. Pa Masters mumasankha kamunda kamodzi n'kukumba mozama, kawirikawiri kwa zaka ziwiri, ndipo kwa munthu wophunzira ali pantchito nthawiyo imatalikirapo. Pamapeto pake mumalemba kafukufuku wanu pansi pa mphunzitsi wokuyang'anirani. Muonetsetsenso dzina la digiriyo. MA (Master of Arts) ndi MTh (Master of Theology) zimatsamira ku kafukufuku, pomwe MDiv (Master of Divinity), imene mudzaimve kwambiri ku America ndi ku South Africa, inakonzedwa kuti ikonzekeretse anthu opita ku ubusa. Ngati mtima wanu uli pa Baibulo lenilenilo, konzekerani Chigiriki kapena Chiheberi, chifukwa popanda zilankhulo zimenezi mudzangokhalira kubwereza zimene ena ananena.

Dziwaninso kuti pa yunivesite ya boma, monga University of Malawi ku Zomba kapena Mzuzu University, m'kalasi mumakhala Akatolika, a Seventh Day, a Pentekosite, Asilamu, ngakhalenso amene sapemphera kulikonse. Mphunzitsi sadzakufunsani umboni wa kutembenuka mtima kwanu. Adzakufunsani kuti mwadziwa bwanji zimene mukunenazo ndipo umboni wake uli pati. Ine ndimaona kuti n'zabwino kwa mtumiki wa m'Malawi, poti m'mudzi umene adzatumikire mudzakhalanso anthu onsewa. Koma ndi malo osiyana ndi sukulu ya mpingo, ndipo munthu azipita akudziwa.

Tsopano nkhani ya akulu anzanu aja. Musawanyoze, chifukwa zimene anaonazo zimachitikadi. Maphunziro awa amagwedeza munthu. Tsiku lina mudzamva kuti mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki imathera Marko pa 16:8, ndipo mavesi 9 mpaka 20 mulibe. Mudzamva kuti nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo pa Yohane 8 siipezeka m'mipukutu ina yoyambirira. Mudzawerenga akatswiri amene amati buku la Yesaya linalembedwa ndi anthu oposa mmodzi pa nthawi zosiyana. Mwina zina munazimva kale pa digiri yoyamba, koma pa Masters simungozilemba pa mayeso n'kuiwala. Mumakhala nazo miyezi, muli nokha ndi mabuku usiku, ndipo Lamulungu likafika mumayenera kuimirira pa guwa.

Inenso ndinadutsamo. Chaka changa choyamba cha maphunziro apamwamba ndinkatsegula Baibulo n'kumangoona mafunso, pemphero osatuluka. Chimene chinandithandiza ndi m'busa wina wokalamba amene ndinkamuyendera Loweruka lililonse. Sankayankha mafunso anga onse, koma ankandimvetsera, kenako n'kunditenga kukaona odwala. Pambali pa bedi la munthu wodwala, Salimo 23 linkabwerera m'malo mwake. Patapita nthawi ndinazindikira kuti kudziwa mmene Baibulo linatifikira, kudzera m'manja mwa alembi, okopera ndi omasulira, kunandichititsa kulilemekeza koposa kale.

Ndikayang'ana amene anazizira, sindiona kuti chinawapha ndi Marko 16. Ambiri anayamba ndi kudzipatula. Anasiya kusonkhana ndi anzawo, anasiya kupemphera ndi banja, anayamba kukhala kumbuyo m'tchalitchi n'kumawerenga zolakwa za mlaliki. Paulo anachenjeza Akorinto kuti chidziwitso chimatukumula munthu pomwe chikondi chimamangirira, ndipo matenda amenewa ndi enieni pakati pa ife ophunzira. Mankhwala ake ndi kusasiya ntchito zazing'ono za mpingo: kuphunzitsa kalasi, kuyendera okalamba, kugona pa maliro, kukhala pansi pa ulaliki wa munthu amene sanafike Fomu 4 n'kulola kuti Mawu akudyetseni.

Akuluwo mwina adzakuwerengerani Machitidwe 4:13, pamene Petro ndi Yohane akutchedwa anthu osaphunzira, kapena 2 Akorinto 3:6, pamene palembedwa kuti chilembo chimapha koma Mzimu amapatsa moyo. Vesi lachiwirili likusiyanitsa pangano lakale ndi latsopano, silikunena za sukulu. Ndipo amene analilemba ndi Paulo, munthu amene anaphunzira pa mapazi a Gamaliyeli. Ine ndimakonda nkhani ya Apolo pa Machitidwe 18. Anali wa ku Alexandria, wodziwa kulankhula, wamphamvu m'Malemba, komanso wotentha mumzimu. Zonse zinali mwa munthu mmodzi. Komabe Priskila ndi Akula, anthu osoka mahema, anamutengera pambali n'kumufotokozera njira ya Mulungu molondola, iye n'kumvera. Wophunzira wotere ndi amene mpingo umamusowa.

Mungawakumbutsenso mofatsa kuti Baibulo limene ali nalo m'manja linadzera kwa anthu ophunzira. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndi thukuta la zaka zambiri la William Murray wa ku mishoni ya Nkhoma pamodzi ndi anzake, azungu ndi Amalawi, amene ankalimbana ndi liwu lililonse. Pamene Buku Loyera linkatuluka mu 1998, omasulira anaika dzina lakuti Chauta pamene Buku Lopatulika limati Yehova. Kuti afike pa chisankho chimenecho panafunika anthu odziwa Chiheberi komanso odziwa mmene makolo athu ankatchulira Mulungu popempha mvula. Taonaninso Episkopi Patrick Kalilombe, amene anaphunzira Malemba ku Rome n'kukhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Maphunziro ake sanamuchotse pakati pa anthu wamba. Ndi iye amene analimbikitsa miphakati, kuti akhristu a m'mudzi azikumana okha kuwerenga Mawu ndi kuthandizana, ndipo anavutika nazo pa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi mpaka kuchoka m'dziko.

Apa ndiye pali funso limene ndimafunsa aliyense wobwera mu ofesi yanga kudzafuna Masters: kodi chikukusowetsani tulo n'chiyani chimene mukufuna kuchifufuza? Ambiri amayankha kuti akufuna kuonjezera maphunziro. Yankho limenelo silifikitsa munthu kumapeto. Miyezi ya m'kalasi imatha bwino, koma ikafika nthawi yolemba kafukufuku, munthu wopanda funso lake amayendayenda, n'kusintha mutu katatu, mapeto ake n'kungosowa. Ndaona ambiri otere, anzeru ndithu, amene anakhoza maphunziro onse a m'kalasi koma digiri sanaitenge.

Mafunso abwino ali pakhomo panu pomwepo. Inu muli ku Dedza, kumene mkhristu ndi wa gule wamkulu amabadwa m'nyumba imodzi. Mpingo wakhala ukuweruza bwanji milandu yokhudza dambwe, ndipo mabanja amaimva bwanji? Chilangizo chimene mpingo unaika m'malo mwa chinamwali chikuwathandizadi atsikana a lero? N'chifukwa chiyani achinyamata amabwera ku CCAP m'mawa, madzulo n'kupita kwa aneneri? Mpingo umatani agogo akanamiziridwa ufiti? Anthu a ku Phalombe, Mulanje ndi Chilobwe amene anataya abale pa namondwe wa Freddy mu 2023 amamutchula bwanji Mulungu tsopano? Mayankho a mafunso amenewa simudzawapeza m'mabuku a ku Ulaya. Muyenera kukhala pamphasa ndi anthu, kuwerenga mabuku akale a maminitsi a mpingo, kupita ku National Archives ku Zomba, kukaona zimene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa ku Kungoni, malo osungira za chikhalidwe a ku Mua, m'boma lanu lomwelo. Isabel Apawo Phiri anafufuza za moyo wa amayi a Chichewa mu sinodi yanu yomweyi, ndipo pambuyo pake anakatumikira pa udindo waukulu ku World Council of Churches ku Geneva. Kachere ku Zomba ndi Mzuni Press ku Mzuzu asindikiza kafukufuku wambiri wa Amalawi. Musanalembe kalata iliyonse, bwerekani mabuku awiri kapena atatu otere muwerenge. Mukaona kuti mtima ukutentha ndipo mukufuna kutsutsana ndi wolembayo, ndiye kuti kafukufuku ali m'magazi mwanu.

Munthu amene waweta mpingo zaka zingapo amabwera ndi mafunso otere atadzaza thumba. N'chifukwa chake abusa amene amachita Masters atatumikirako amalemba zinthu zakupsa, zothandiza mpingo.

Za sukulu imene yakupatsani malo, simunaitchule, choncho fufuzani zinthu izi. Onani ngati sukuluyo komanso pulogalamu yeniyeniyo n'zovomerezeka ndi National Council for Higher Education, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba. Funsani kuti adzakuyang'anirani ndani, ali ndi ophunzira angati, ndipo amabweza ntchito pakatha nthawi yaitali bwanji. Pezani munthu amene anamaliza kumeneko akuuzeni zoona. Woyang'anira wabwino amaposa nyumba zokongola za sukulu. Ndipo chenjerani ndi masukulu a pa intaneti amene amalonjeza Masters kapena udokotala pa miyezi yochepa mukangolipira madola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lotere silidzakulowetsani pa ntchito ya uphunzitsi pa yunivesite, ndipo limachotsa ulemu wa mtumiki.

Ngati mtsogolo mudzaganize zakunja, abusa ambiri a kuno adutsa ku mayunivesite a Justo Mwale ku Lusaka, Stellenbosch ndi Pretoria ku South Africa. Ku South Africa amafuna kuti mapepala anu ayambe aunikidwa ndi SAQA, bungwe lawo loona za mapepala a maphunziro, ndipo nthawi zina amakuyambitsani ndi chaka chokonzekera musanalowe Masters. Koma musapite kunja ndi ndalama za m'thumba mwanu. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankalipira fizi m'marandi ndi m'madola anaona ngongole ikukula ali m'tulo. Thandizo la maphunziro a zaumulungu nthawi zambiri limadzera ku mipingo ndi mabungwe ogwirizana nayo, ndipo amafuna kalata ya sinodi. Apanso mukuona kuti kuyenda ndi mpingo wanu kumatsegula njira.

Nkhawa ya mayi akunyumba ndiyoyenera, ndipo muitenge ngati uphungu. Fizi ndi gawo limodzi chabe. Pali thiransipoti, malo ogona, laputopu, mabandulo a intaneti, kusindikiza, ndi maulendo a kafukufuku. Khalani pansi awiri ndi pepala, mulembe zonse za zaka zitatu, osati ziwiri, n'kuika pambali fizi ya ana ndi feteleza. Ngati masamuwo akutheka pokhapokha mutatenga katapila, dikirani. Muwauzenso zoona za ubusa. M'mipingo yambiri malipiro a m'busa sakwera chifukwa cha Masters, ndipo mpingo wa kumudzi umadalira zokolola za akhristu ake. Mudzasamutsidwa kupita kumene simunasankhe. Iwonso moyo wawo udzasintha, poti akhristu adzawatcha mayi busa, amayi a Chigwirizano adzawayang'ana, ndipo pakhomo sipadzatha alendo. Ngati iwo sanakonzeke, nthawi siinakwane. Ndipo ntchito ya uphunzitsi musaisiye ndi mawu apakamwa a munthu aliyense. Dikirani kalata, ndipo funsani kwa akuluakulu a zamaphunziro za tchuthi chokaphunzira.

Mwandifunsa chochita, ndiye ndikuuzani mmene ndikuonera. Mwezi uno pitani kwa abusa anu, mayi ali pambali panu, mukawauze zonse zimene mwandilembera. Lemberaninso yunivesite kupempha kuti akusungireni malo mpaka chaka chamawa, poti masukulu ambiri amalola munthu akapempha nthawi yabwino. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, choncho musagwire nthambi ziwiri nthawi imodzi. Mpingo ukakulandirani, pitani kaye ku maphunziro a ubusa, ndipo mufunse ngati digiri yanu yoyamba ingakuchepetsereni zaka. Tumikirani zaka zingapo, kenako mudzachite Masters muli ndi funso lochokera kwa nkhosa zanu komanso dalitso la sinodi.

Mpingo ukati dikirani, kapena ukati ayi, musadzione ngati Mulungu wakutayani. Pamenepo Masters ingakhale njira yanu yeniyeni. Mphunzitsi wa Bible Knowledge amakumana ndi achinyamata masiku asanu pa sabata, pomwe m'busa amawaona Lamulungu lokha. Mkulu wa mpingo wophunzira bwino ndi mzati, makamaka kumene m'busa mmodzi amayang'anira nthambi zambiri ndipo maulaliki ochuluka amagwera akulu. Palinso ntchito yomasulira Malemba m'zilankhulo zathu, yolemba mabuku a Sande sukulu, yophunzitsa m'makoleji a mipingo, ndi yophunzitsa atsogoleri a m'midzi monga amachitira a TEEM ku Zomba, bungwe lophunzitsa anthu zaumulungu ali kwawo komweko. Onsewa ndi maitanidwe.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati nkhaniyi yayamba kubweretsa mikangano m'nyumba, pitani kwa ankhoswe kapena kwa banja la abusa achikulire limene nonse mumalikhulupirira. Ngati kusowa mtendereko kwafika poti simukugona, simukudya, kapena ntchito ya kusukulu yayamba kukukanikani kwa masabata angapo, kaonaneni ndi achipatala kapena mlangizi wa zamaganizo, chifukwa si kulemedwa kulikonse kumene kuli maitanidwe. Ndipo mukadzayamba maphunziro, tsiku limene mudzaone kuti pemphero lauma, musabise. Pezani m'busa amene anadutsa njira yomweyi mumuuze.

Mukakaonana ndi abusa anu, mundilembere zimene akuyankhani. M'kalatayo muikemonso funso limodzi la ku mpingo kwanu limene mungakonde kulifufuza, tidzaone limodzi ngati lingasenze kafukufuku wa zaka ziwiri.